Momwe mungagwiritsire ntchito AI pa kafukufuku wa kusukulu popanda kudziika m'mavuto

Nyengo yopereka ma asainimenti ikafika, vuto lomwe ndimakumana nalo kwambiri ndi ili. Wophunzira amabwera ndi ntchito yooneka bwino, Chingerezi chosalala, kumapeto kwake mndandanda wa mabuku ndi mapepala a akatswiri. Tikakhala pansi kuti tiyang'ane magwerowo limodzi, ena sapezeka paliponse. Dzina la wolemba ndi lenileni, journal (magazini ya akatswiri) nayo ilipodi, koma pepala lotchulidwalo palibe adalilembapo. Mwanayo sadaname dala. Adafunsa ChatGPT, imodzi mwa mapulogalamu a AI omwe amayankha mafunso ngati munthu, iyo idayankha molimba mtima, iye n'kukhulupirira. Koma woitanidwa kukayankha mlandu wachinyengo amakhala iyeyo, ndipo zimandimvetsa chisoni kuona munthu amene makolo ake adagulitsa mbewu kuti alipire fizi akukumana ndi zoterezi chifukwa chosadziwa.

Palinso ena amene amaopa AI moti sayandikira n'komwe, n'kumavutika ndi zinthu zomwe ikadawathandiza m'mphindi zochepa. Malangizo awa ndi a magulu onse awiri. Mfundo yake ndi imodzi: AI ndi yokambirana nayo, koma chilichonse cholowa m'ntchito yanu chikhale chomwe mwachiona ndi maso anu pamalo pomwe chidalembedwa.

Kuti tisamangoyankhula m'malere, titenga chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tinene kuti mwapatsidwa funso loti: kodi ndondomeko ya makuponi a feteleza ya FISP idathandiza alimi ang'onoang'ono ku Malawi?

## Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Foni kapena laputopu, ndi bandulo ya intaneti. Mafayilo a PDF amadya deta, choncho akopereni pa Wi-Fi ya pasukulu ngati ilipo.
- Pepala la asainimenti ndi ndondomeko ya kosi yomwe aphunzitsi adapereka poyamba.
- AI imodzi yokha: ChatGPT, Gemini, Claude, Copilot kapena Meta AI ya pa WhatsApp. Yaulere ndi yokwanira.
- Malo ofufuzira zolemba za akatswiri: Google Scholar, African Journals Online, JSTOR, ndi PubMed kwa a zaumoyo.
- Njira yolowera Research4Life. Malawi ali m'gulu la mayiko omwe masukulu ake olembetsa amawerenga mwaulere. Funsani ku laibulale yanu. Mkati mwake muli AGORA ya zaulimi ndi Hinari ya zaumoyo.
- Zotero, pulogalamu yaulere yosungira magwero.
- Kope limodzi kapena fayilo imodzi yomwe titcha kaundula, yolembamo zonse zomwe mwachita.

## 1. Funsani kaye chomwe chikuloledwa

Malamulo a AI sali ofanana. Mphunzitsi wina amalola kuti ikuthandizeni pa galamala, wina amaletsa kotheratu, wina sadanenepo kalikonse. Pa yunivesite imodzimodzi makosi awiri atha kukhala ndi malamulo osiyana. Werengani pepala la asainimenti ndi ndondomeko ya kosi. Mukapeza kuti mulibe mawu okhudza AI, funsani, ndipo funsani polemba kuti yankho likhale losungika. Funso likhale lolunjika: "Aphunzitsi, kodi ndingagwiritse ntchito AI popeza mawu ofufuzira ndi pokonza galamala, ndikalemba kumapeto momwe ndaigwiritsira ntchito?" Paja safunsa adadya phula.

Chenjezo: zomwe wakuuzani mnzanu wa chaka chachinayi si lamulo la kosi yanu. Aphunzitsi akati ayi, malangizo ena onse okhudza AI m'munsimu asiyeni pa asainimenti imeneyo, mutsate okhudza laibulale ndi Google Scholar okha.

## 2. Lembani zomwe mukudziwa kale, foni ili m'thumba

Tengani mphindi 20, kope ndi cholembera. Lembani zomwe mukudziwa pa mutuwo ndi zomwe mukuganiza. Pa nkhani ya makuponi, ambiri mwa inu mukudziwa zambiri kuposa momwe mukuganizira. Mudaonapo mizere pamalo ogulitsira feteleza. Mudamvapo za mabanja awiri kapena atatu ogawana thumba limodzi, za feteleza wofika mvula itagwa kale, za mikangano yoti ndani alembedwe m'mudzi. Zimenezi ndi mafunso a kafukufuku omwe akatswiri adalembapo kale mapepala ambiri, ndipo inu mwafika nawo kuchokera kumudzi.

Ambiri amadumpha gawo ili chifukwa limaoneka ngati kutaya nthawi. Vuto n'lakuti mukayamba ndi AI, maganizo ake ndi amene amakhala maziko, ndipo kuwachotsa m'mutu kumavuta. Ntchito za kalasi yonse zimatha kufanana ngati ana a mimba imodzi chifukwa onse adayambira pa yankho limodzi.

## 3. Tsegulani AI kuti ikuthandizeni kunola funso

Apa ndi pomwe AI imagwira bwino ntchito. Iuzeni kuti ndinu ndani, funso lanu n'lotani, ndi zomwe mwalemba m'kope muja. Kenako ipempheni zinthu zitatu: njira zingapo zochepetsera funsolo kuti likwane m'masamba omwe mwapatsidwa, mfundo zazikulu zomwe akatswiri amatsutsana, ndi mawu a Chingerezi ofufuzira.

Mwachitsanzo, mutha kulemba zotere: "Ndine wophunzira wa chaka chachiwiri ku Malawi. Ndikulemba masamba 8 pa ndondomeko ya Farm Input Subsidy Programme. Ndipatse njira 5 zochepetsera mutuwu, ndi mawu ofufuzira pa Google Scholar. Usandipatse mayina a mabuku kapena mapepala." Funsoli mulilembe m'Chingerezi. M'Chichewa AI imapunthwa kawirikawiri, poti zolembedwa za chiyankhulo chathu zomwe idaphunzirapo n'zochepa.

Mawu omwe mungatuluke nawo ndi monga input subsidy, targeting, maize yield, smallholder ndi crowding out. Omalizawa amanena za mlimi amene akadagula feteleza ndi ndalama zake koma wasiya chifukwa walandira kuponi. Wophunzira amene sadamvepo mawuwa sangawalote yekha, ndipo popanda iwo gawo lalikulu la mkanganowo salipeza. Thandizo lotere n'lenileni, musachite nalo manyazi.

Chenjezo: onani chiganizo chomaliza chija, choti isakupatseni mayina a mabuku. AI imapanga mayankho polosera mawu omwe akuyenera kutsatana. Mukaipempha magwero popanda kuilumikiza ku malo ofufuzira, imatha kulumikiza dzina la katswiri weniweni ndi mutu womveka bwino ndi chaka chooneka choyenera, n'kutulutsa chinthu chomwe kulibe.

Chenjezo lachiwiri: lembani dzina la dziko ndi dzina lonse la ndondomekoyo. Ku Zambia kulinso FISP, yomwe ndi Farmer Input Support Programme. Mukangolemba zilembo zinayizo, AI imatha kusakaniza za ku Lusaka ndi za ku Lilongwe m'ndime imodzi. Imathanso kusakaniza FISP, yomwe idayamba m'nyengo yolima ya 2005/06, ndi AIP (Affordable Inputs Programme) yomwe idalowa m'malo mwake mu 2020.

## 4. Tsekani AI, pitani kumene kuli zolemba zenizeni

Tengani mawu ofufuzira aja mupite nawo pa Google Scholar. Phatikizani awiri kapena atatu ndi dzina la dziko. Mawu omwe mukufuna kuti apezeke motsatana aikeni pakati pa zizindikiro za mawu ogwidwa, monga "input subsidy" Malawi targeting. Kumanzere kuli posankha zaka. Kumanja, pa zotsatira zina, kumaoneka ulalo wa PDF waulere.

Mukapeza pepala limodzi labwino, musathamangire kufufuza kwina. Yang'anani magwero ake kumapeto kuti muone zomwe zidalembedwa kale, kenako dinani pa Cited by kuti muone omwe adalemba pambuyo pake potengera pepalalo. Njira imeneyi imakufikitsani msanga kwa anthu omwe mayina awo amabwerabwera pa mutuwo. Pa nkhani ya makuponi mudzaona dzina la Ephraim Chirwa ndi la Andrew Dorward, omwe adalemba buku lonse pa ndondomekoyi lomwe Oxford University Press idasindikiza mu 2013.

Zambiri za ku Malawi sizili m'ma journal okha. Pali malipoti a National Statistical Office ku Zomba, a unduna wa zamalimidwe, a mabungwe ofufuza za ulimi monga ofesi ya IFPRI ku Lilongwe ndi MwAPATA Institute. Palinso kafukufuku wa ophunzira omwe adakutsogolerani, wosungidwa m'mashelefu a laibulale ku Bunda, ku Zomba kapena ku Mzuzu, yemwe wina sadaikidwepo pa intaneti. Zimenezi AI siingazidziwe. Ogwira ntchito ku laibulale amazidziwa, ndipo ine ndimadabwa kuti ophunzira ambiri amamaliza zaka zinayi asadawafunsepo kanthu kupatula nthawi yotsekera.

Chilichonse chomwe mwasankha chiikeni mu Zotero nthawi yomweyo. Mukati mudzachita mawa, mudzaiwala komwe mudachipeza.

## 5. Tsimikizani gwero lililonse, limodzilimodzi

Gawo ili ndi lomwe limapulumutsa anthu, choncho ndikhalapo pang'ono. Likukhudza gwero lililonse lomwe simudalipeze nokha: lomwe AI yatchula, lomwe mnzanu watumiza pa WhatsApp, ngakhale lomwe mwaliona litatchulidwa m'pepala lina.

Choyamba, koperani mutu wonse wa pepalalo, muuike pakati pa zizindikiro za mawu ogwidwa pa Google Scholar. Ukapanda kutuluka, yesani pa Google wamba ndi pa tsamba la journal yomwe yatchulidwa. Pakapanda kupezeka kanthu m'malo atatu onsewa, litayeni.

Chachiwiri, ngati pali DOI, nambala yoyamba ndi 10 yomwe mapepala ambiri a akatswiri amakhala nayo, ilembeni pa doi.org. DOI yeniyeni imakufikitsani pa pepala lenilenilo. Yopeka imakuuzani kuti siikupezeka, kapena imakufikitsani pa pepala la nkhani ina kotheratu. Zachiwirizi zimapusitsa anthu ambiri: amangoona kuti tsamba latseguka, osawerenga mutu wake.

Chachitatu, yerekezani dzina la wolemba, chaka, dzina la journal ndi masamba. AI imatha kutchula pepala lomwe lilipodi koma n'kulipatsa chaka china kapena wolemba wina.

Chachinayi, ndipo ichi ndi chomwe ambiri amalephera: tsegulani pepalalo mupeze chiganizo chomwe chikunena zomwe mukufuna kulemba. Pepala kukhalapo sikutanthauza kuti lidanena zomwe AI ikuti lidanena. Izi zimachitika ngakhale ndi zida zomwe zimafufuza pa intaneti n'kuika maulalo pansi pa yankho, monga Perplexity. Ulalo umakhala weniweni, koma mukawerenga mumapeza kuti wolembayo amanena za boma limodzi pomwe AI yanena za dziko lonse, kapena amati "mwina" pomwe AI yati "zatsimikizika". Mukachipeza chiganizocho, lembani nambala ya tsamba m'kaundula wanu.

Musaganize kuti ndi ophunzira okha omwe amagwa apa. Mu 2023, ku khoti la ku New York, pa mlandu wa munthu wina ndi kampani ya ndege ya Avianca, maloya adapereka chikalata chotchula milandu yakale yomwe ChatGPT idapeka. Mmodzi wa iwo adaifunsanso ChatGPT yomweyo ngati milanduyo inali yeniyeni, iyo n'kuvomera. Woweruza adawalipitsa chindapusa cha madola 5,000. Phunziro la pamenepo kwa inu ndi lachindunji: kufunsa AI ngati zomwe yanena ndi zoona si kutsimikiza. Kutsimikiza kumachitikira kunja kwake.

Ntchito iyi imatenga nthawi, mwina mphindi zisanu kapena khumi pa gwero limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Magwero asanu ndi limodzi omwe mwawerenga amaposa makumi awiri omwe simudawatsegule.

## 6. Werengani nokha, AI ikuthandizeni pomwe mwakakamira

Yambani ndi chidule cha pamwamba, kenako mawu oyamba ndi omaliza, kenako matebulo. Mukafika pa ndime yomwe simukuimva, koperani ndime yokhayo muifunse AI kuti ikufotokozereni m'Chingerezi chosavuta. Mapepala a zachuma ali ndi mawu ngati panel data kapena endogeneity omwe amagwetsa ulesi munthu wa chaka choyamba. Kufunsa tanthauzo lake n'chimodzimodzi kufunsa mnzanu wa kalasi yapamwamba. Mukamva, bwererani ku ndime ija muiwerengenso kuti muone ngati kufotokozako kukugwirizana nayo.

Chenjezo: kuponya PDF yonse kuti AI ikupatseni chidule, inu n'kulemba kuchokera pa chidulecho, ndi njira yachidule yomwe imaluma pambuyo pake. Chidule chimasiya malire a kafukufukuyo: adafunsa mabanja angati, m'maboma ati, chaka chamvula kapena cha chilala. Pa nkhani ya chimanga zimenezi ndi zomwe zimasintha tanthauzo la zotsatira. Ngati nthawi yachepa, gwiritsani ntchito chidule posankha pepala loti muwerenge, kenako muliwerengedi.

## 7. Ziwerengero zitengeni kwa eni ake

Nambala iliyonse ichokere ku bungwe lomwe lidawerenga. Chiwerengero cha anthu chili ku National Statistical Office: kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 17.5 miliyoni. Za moyo wa mabanja ndi ulimi wawo zili mu Integrated Household Survey ya bungwe lomwelo. Zokolola zili m'malipoti a unduna wa zamalimidwe ndi pa FAOSTAT, tsamba la ziwerengero la bungwe la FAO. Malamulo ndi zigamulo za makhoti zili pa MalawiLII.

AI imatchula nambala mopanda kukayika ngakhale itasakaniza zaka, ndipo zomwe idaphunzira zimathera pa nthawi inayake, choncho za chaka chino mwina siikuzidziwa. Pa makuponi palinso china chofunika: akatswiri eni ake adatsutsana pa kulondola kwa ziwerengero za zokolola za chimanga za zaka za FISP. Mukalemba nambala, nenani mwini wake ndi chaka chake. Mukapeza nambala ziwiri zosiyana, zilembeni zonse ndi kufotokoza komwe iliyonse yachokera. Aphunzitsi amapereka malikisi pa zoterezi, chifukwa zimaonetsa kuti mwafufuzadi.

Ngati mwaipempha AI kuti ikuwerengereni maperesenti, bwerezani nokha pa kakyuleta kapena mu Excel.

## 8. Musaike zinsinsi za anthu mu AI

Amene mukuchita kafukufuku wa chaka chomaliza, mvetserani apa. Mudapita kumudzi, mudakhala pakhonde ndi amayi ndi abambo omwe adakuuzani za njala ya pakhomo pawo, za ngongole, za amene adawadyera kuponi. Mudawalonjeza kuti mayina awo sadzatuluka. Mukakopera zokambiranazo momwe zilili n'kuziika mu AI, mwazitumiza ku makompyuta a kampani ya kunja, ndipo lonjezo lija mwaliphwanya. Kwa a zaumoyo nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri, poti mbiri ya wodwala ili ndi malamulo ake, ndipo makomiti oyang'anira kafukufuku wa zaumoyo monga COMREC amavomereza kafukufuku potengera momwe mudalonjezera kusunga zinsinsi.

Ngati supavaiza wanu walola kuti AI ikuthandizeni kusanja mayankho, chotsani kaye mayina, midzi, manambala a foni ndi chilichonse chomwe chingazindikiritse munthu. M'mudzi waung'ono, kungoti "mayi wamasiye wa ana asanu ndi awiri woyandikana ndi chigayo" n'kutchula dzina kale. Lowaninso mu zokonzera za AI yanu muzimitse chilolezo choti zokambirana zanu zigwiritsidwe ntchito pophunzitsa makinawo. Mu ChatGPT zili pa Data Controls. Ntchito ya mnzanu yomwe sadaipereke, kapena pepala la supavaiza lomwe silidasindikizidwe, musaziike popanda chilolezo cha eni ake.

## 9. Lembani ndi mawu anu, kenako muitane AI ngati wotsutsa

Tsekani AI, tsegulani kaundula wanu, lembani. Chingerezi chikhale chophweka, palibe vuto. Aphunzitsi ambiri omwe ndimawadziwa amakonda chiganizo chachifupi chokhala ndi mfundo kuposa ndime yonyezimira yopanda kanthu mkati.

Mukamaliza, ngati malamulo a kosi akulola, ipatseni AI ndime zanu ndi pempho lotere: "Usalembenso ntchitoyi. Ndiuze pomwe mfundo yanga ili yofooka, pomwe ndanena chinthu chopanda umboni, ndi zomwe munthu wotsutsana nane anganene." Mukapanda kunena motero, imangokuyamikirani, chifukwa zida izi zimakonda kugwirizana ndi wofunsa. Pa chitsanzo chathu, mwina ikuuzani kuti mwanena kuti zokolola zidakwera chifukwa cha makuponi koma simudatchulepo za mvula ya zaka zimenezo. Imeneyo ndi mfundo yabwino. Bwererani ku Google Scholar mukaifufuze.

Pa galamala, ipempheni kuti ikulozereni zolakwa ndi kufotokoza chifukwa chake, inu mukonze nokha. Mukatero kangapo mudzaona kuti zolakwa zanu ndi zomwezomwezo, mwina zitatu kapena zinayi, ndipo mukazidziwa mumasiya kuzichita ngakhale m'chipinda cha mayeso momwe mulibe foni.

Chenjezo: mukailola kuti ilembenso ndime yonse, imasintha tanthauzo mosaonekera. Pomwe mudati "alimi ena" pamasanduka "alimi ambiri". Kenako gwero lanu silikugwirizananso ndi zomwe zalembedwa pamwamba pa dzina lanu. Yesani izi musanapereke: tsekani laputopu, mufotokozere mnzanu wa m'chipinda mfundo ya ndime iliyonse m'Chichewa. Ndime yomwe mwalephera kuifotokoza muibwerere.

## 10. Sungani mbiri ya ntchito, ndipo nenani poyera

M'kaundula lembani tsiku, dzina la AI, zomwe mudafunsa, ndi zomwe mudachita ndi yankho. Musafufute zokambiranazo mpaka malikisi atatuluka. Lembani ntchito yanu mu Google Docs, yomwe imasunga mbiri ya kusintha kulikonse, kapena sungani fayilo yatsopano tsiku lililonse yokhala ndi deti pa dzina lake. Kope lija la gawo 2 musalitaye.

Kumapeto kwa asainimenti ikani ziganizo ziwiri kapena zitatu zonena zoona: kuti mudagwiritsa ntchito AI yakuti, mwezi wakuti, popeza mawu ofufuzira ndi polozera zolakwa za galamala, ndi kuti magwero onse mudawawerenga nokha. Ngati mwagwira mawu a AI enieni m'ntchito yanu, kalembedwe ka magwero ka APA kali ndi njira yake yowatchulira kuyambira 2023. Funsani kalembedwe komwe dipatimenti yanu imatsata.

## Akakuganizirani kuti ntchito yanu idalembedwa ndi AI

Izi zimachitikira ngakhale osalakwa. Turnitin, pulogalamu yomwe masukulu amagwiritsa ntchito pogwira okopera, idayamba kuonetsa chizindikiro cha AI mu Epulo 2023, koma zida zozindikira zoterezi zimaphonya. Kampani ya OpenAI idatseka chida chake chotere mu Julayi 2023 chifukwa sichinkalondola mokwanira. Chaka chomwecho akatswiri a ku Stanford University adayesa zida zingapo pa nkhani zolembedwa ndi anthu omwe Chingerezi si chiyankhulo chawo choyamba, ndipo zoposa theka zidaganiziridwa molakwa kuti ndi za makina. Ife tili m'gulu lomwelo la olemba Chingerezi chophunzira kusukulu.

Mukaitanidwa, pitani modekha ndi mwaulemu. Tengani kope, kaundula, mbiri ya fayilo ndi ma PDF omwe mudalembamo timizere. Pemphani kuti akufunseni mafunso pa ntchitoyo pakamwa. Munthu amene adatsata magawo khumi aja amayankha mosavuta. Ngati mudalakwitsadi penapake, nenani msanga pomwe mudalakwitsa.

## Zolakwa zomwe zimabwerezedwa kawirikawiri

Kuyamba usiku womaliza. Zolakwa zambiri zimabadwira apa. Magetsi azima, bandulo yatha, m'mawa n'kupereka, ndiye munthu amangokopera. Kutsimikiza magwero kumafuna masiku awiri kapena atatu, awerengereni pa kalendala yanu.

Kukhulupirira yankho chifukwa AI ziwiri zagwirizana. Zambiri zidaphunzira pa zolembedwa zofanana, choncho zitha kulakwitsa mofanana.

Kugwiritsa ntchito mapulogalamu osintha mawu kuti Turnitin isagwire. Uku n'kubisa dala, ndipo mlandu wake umakula kuposa woyamba uja. Ziganizo zake zimatulukanso zopotoka moti mphunzitsi amazindikira pa ndime yoyamba.

Kutchula pepala lomwe mudangoona chidule chake. Ngati lonse silikutseguka, funsani ku laibulale, yesani Research4Life, kapena lemberani wolembayo imelo yaulemu. Ambiri amatumiza mosangalala.

Kuiwala pa ntchito ya pagulu. Mmodzi akaika gwero lopeka, dzina la aliyense lili pachikuto. Gwirizanani pa tsiku loyamba momwe mugwiritsire ntchito AI, ndipo musankhe munthu mmodzi woyang'ana magwero onse musanapereke.

Kudalira AI pomasulira mayankho a Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao kupita m'Chingerezi. Mlimi akati "chaka chino tagona ndi njala", kapena "feteleza adadyedwa ndi akuluakulu", makina atha kumasulira liwu ndi liwu n'kutaya zomwe munthuyo amatanthauza. Masulirani nokha, mupatse mnzanu wodziwa bwino chiyankhulocho kuti aonenso, ndipo mawu enieni a mlimiyo muwasunge pambali pa kumasulira kwanu kuti supavaiza athe kuyerekeza.